Kafungo ka Sopo mu Mtsinje wa Tame: Tafika Pati?

Kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Birmingham, pamalo otchedwa Minworth, kampani ya Severn Trent ili ndi malo ake aakulu koposa oyeretsera madzi a suweji. Madzi amene anthu pafupifupi 1.7 miliyoni a mumzindawu ndi a mbali zina za dera la Black Country asambira, achapira, atsukira mbale kapena agejemulira m'chimbudzi amakathera kumeneko, ndipo akayeretsedwa amatsanulidwa mu mtsinje wa Tame. Tame amakathira mu Trent pafupi ndi Alrewas, Trent n'kukathira mu Humber, mpaka kunyanja yamchere. Kwa zaka zoposa 100 ulendo wa madziwa wakhala womwewo. Tsopano pali ndondomeko yoti ena mwa madzi otuluka ku Minworth asinthe njira: ayeretsedwenso kachiwiri, adutse m'ngalande za Coventry, Oxford ndi Grand Union kulowera kummwera, kuti kampani ya Affinity Water ikawasandutse madzi akumwa a anthu okhala kumpoto kwa London. Ndondomekoyi ikukamba za malita ofika 115 miliyoni patsiku, kuyambira m'zaka za m'ma 2030. Madzi amene ankangotayidwa akayamba kuwerengedwa ngati chuma, ndi bwino kukhala pansi n'kuunika zimene zinalonjezedwa pa madziwa ndi zimene zachitikadi.

Pa zinthu zambirimbiri zimene madziwa amanyamula, tasankhapo chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri: makemikolo opangidwa m'fakitale amene amanunkhiritsa sopo wochapira, mankhwala ofewetsera zovala, shampu, mafuta odzola ndi perefyumu. Tineneretu kuti pali makemikolo ena oopsa kuposa amenewa. Tawasankha chifukwa mbiri yawo imaonetsa poyera pamene luso lathu loyeretsa madzi limathera, komanso chifukwa amachokera m'manja mwathu, m'nyumba iliyonse, tsiku lililonse.

M'chaka cha 1858, chaka chomwe fungo la mtsinje wa Thames linasowetsa mtendere aphungu m'nyumba ya malamulo ku London, mwini malo wina, Charles Adderley wa ku Hams Hall kumunsi kwa Birmingham, anasumira khonsolo ya mzindawu. Dandaulo lake linali losavuta kumva. Mipope ya suweji imene mzinda unamanga inkathira zonyansa zonse mu Tame, nsomba zinatha, ng'ombe zinaleka kumwa madziwo. Khonsolo inayankha kuti thanzi la anthu pafupifupi 250,000 ndi lofunika kuposa mtendere wa munthu mmodzi. Woweruza, William Page Wood, sanavomereze zimenezo, ndipo analetsa mzinda kutsegula mipope ina yothira mumtsinjemo. Mlanduwo unakhala ukubwererabwerera mpaka 1895. Pakati pa zaka zimenezo, mu 1877, panakhazikitsidwa bungwe la Birmingham, Tame and Rea District Drainage Board, ndipo njira imene linadalira poyamba inali kutenga minda ikuluikulu m'chigwa cha Tame n'kumathira suwejiyo m'nthaka. Njira imeneyi tikumana nayonso kutsogoloku.

Mzinda unakula, minda inachepa. Mu 1904 madzi a m'chigwa cha Elan ku Wales anayamba kufika ku Birmingham kudzera m'mpope wotalika makilomita pafupifupi 117, ndipo madzi ambiri olowa m'nyumba anatanthauza madzi ambiri otuluka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ku Minworth kunamangidwa mabedi a miyala, pomwe madzi amadontha pang'onopang'ono mabakiteriya n'kumadya zonyansa. Mu 1914 Edward Ardern ndi William Lockett a ku Davyhulme, ku Manchester, anafalitsa njira youzira mpweya m'matanki kuti mabakiteriya omwewo agwire ntchito mwachangu pamalo ochepa, njira imene Minworth ikugwiritsa ntchito lero. Mu 1980 ku Lea Marston kunatsegulidwa nyanja zochita kukumba zoti mtsinje wonse uzidutsamo kuti nsenga zake zidikhe. Mu 1989 ntchito ya madzi inaperekedwa m'manja mwa makampani, ndipo mu 1991 lamulo la mayiko a ku Ulaya linakhwimitsa miyezo ya madzi otuluka m'masuweji a m'mizinda.

Lonjezo la mibadwo imeneyo linali lakuti mtsinje usiye kununkha, kolera ndi taifodi zichoke m'mzinda, nsomba zibwerere. Kwakukulukulu linakwaniritsidwa, ndipo tisachite manyazi kunena choncho. Tame, amene kwa zaka zambiri analibiretu nsomba, lero ali ndi nsomba, ndipo akatumbu abwerera m'mbali zake zina. Zolephera zilipo: mvula ikachuluka suweji yosayeretsa imasefukirabe m'mitsinje, ndipo mu Febuluwale 2024 khoti linalipiritsa Severn Trent mapaundi oposa 2 miliyoni chifukwa cha suweji imene inatayikira mu Trent kuchokera ku Strongford. Kampani yomweyo yalandira nyenyezi zinayi, mulingo wapamwamba wa bungwe la Environment Agency, zaka zingapo motsatizana. Zonse ziwirizi ndi zoona. Koma chimene chikutikhudza pano n'chakuti matanki onsewa anakonzedwera zinthu zimene mphuno ndi maso zimazindikira, ndiponso zimene mabakiteriya amakonda kudya. Panalibe amene ankaganiza za kafungo ka sopo.

Kale fungo la musk linkachokera m'kathumba ka pamimba pa nyama yonga gwape ya kumapiri a ku Asia, ndipo linali lodula zedi. Mu 1888 katswiri wina wa ku Germany, Albert Baur, akufufuza za mabomba, anatulukira mwangozi kemikolo yonunkhira ngati musk. Mbadwa za kemikolo imeneyo, monga musk xylene ndi musk ketone, zinalowa m'sopo padziko lonse kwa zaka pafupifupi 100 popanda wofunsa kumene zimathera. Yankho linabwera mu 1981, pamene akatswiri a ku Japan anazipeza m'nsomba za mu mtsinje wa Tama ku Tokyo. Makampani anayamba kuzisiya, ndipo m'malo mwake munalowa gulu lina, makamaka Galaxolide, imene kampani ya International Flavors & Fragrances inapanga mu 1965, ndi inzake Tonalide. Mu 1994 ziwirizi zinapezeka mu mtsinje wa Ruhr ku Germany ndi m'nsomba zake, ndipo pasanapite nthawi zinapezekanso m'mafuta a m'thupi la munthu ndi mumkaka wa m'mawere. M'chaka cha 2000 chokha, mayiko a ku Ulaya anagwiritsa ntchito matani oposa 1,400 a Galaxolide. Musk xylene inaikidwa pa mndandanda wa makemikolo odetsa nkhawa kwambiri ku Ulaya mu 2008, ndipo kugwiritsa ntchito kwake popanda chilolezo chapadera kunatha mu 2014, patadutsa zaka 33 chipezekereni m'nsomba za ku Tokyo.

Palibe chodabwitsa pa kupezeka kwa makemikolowa m'mitsinje. Wogula amafuna kuti malaya achapidwe Lolemba n'kumanunkhirabe Loweruka, ndipo wopanga sopo anamupatsa zomwezo: kemikolo yosaola msanga, yosawonongeka m'madzi otentha, yosasungunuka bwino m'madzi, yokonda kumatirira ku nsalu, ku khungu ndi ku mafuta. Makhalidwe amene amaigulitsa m'sitolo ndi omwewo amene amaivutitsa ku Minworth. Imene sinamatirire ku malaya imatsika ndi madzi otsukuluzira, ndipo ikafika kumatanki imachita zomwe inapangidwira. Imamatirira.

Nanga kuyeretsa kumachotsa zingati? Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa Staci Simonich ndi anzake, wofalitsidwa mu 2002, amene anayeza makemikolo onunkhiritsa 16 m'malo oyeretsera madzi 17 a ku America ndi ku Ulaya. M'malo ouzira mpweya m'matanki, makemikolowa ankachepa ndi 88 mpaka 99.9 peresenti. M'malo a mabedi a miyala ankachepa ndi 71 mpaka 99 peresenti. Manambalawa ndi olimbikitsa, ndipo kwa makemikolo osavuta kuola, monga ena opereka fungo la maluwa ndi zipatso, akunena zoona zenizeni: mabakiteriya amawadya n'kutha. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti makemikolo omatirira ndi osaola amachepa m'madzi molingana ndi kuchuluka kwa matope amene achotsedwa. Mu 2004 Kai Bester anatsatira Galaxolide ndi Tonalide pamalo oyeretsera madzi a ku Dortmund, kuchokera polowera mpaka potulukira. Anapeza kuti pafupifupi 35 peresenti inkadutsa osasintha n'kulowa mumtsinje, yambiri mwa yotsalayo inkakhala m'matope, ndipo pang'ono pa Galaxolide pankasanduka kemikolo ina yofanana nayo, imene inkatuluka yochuluka kuposa mmene inalowera. Zili ngati kusesa pabwalo n'kukaunjika zinyalala kuseri kwa nyumba: mlendo aona poyera, koma zinyalala zikadali pakhomo pomwepo.

Kuseri kwa nyumbako ndi minda. Mu 2003 akatswiri a yunivesite ya Lancaster anayeza matope ochokera m'malo oyeretsera madzi 14 a ku United Kingdom, ndipo anapeza Galaxolide m'matope onsewo, kuyambira mamiligalamu pafupifupi 2 mpaka 81 pa kilogalamu ya matope ouma. Kutaya matope m'nyanja yamchere kunaletsedwa kumapeto kwa 1998, ndipo masiku ano ochuluka zedi, pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi, amapita m'minda ngati manyowa. Ku Minworth matope amaphikidwa ndi nthunzi yotentha kwambiri, kenako amavundikiridwa m'matanki kuti atulutse gasi, amene kuyambira 2014 wakhala akulowetsedwa m'mipope ya gasi ya dziko. Iyi ndi ntchito yabwino: imapha tizilombo toyambitsa matenda, imapereka mphamvu, imabwezera fosifolasi ndi nayitrojeni m'nthaka. Koma kuvundikira matope sikuwononga kwenikweni makemikolo a musk, ndipo akafika m'nthaka amatenga miyezi kuti aole, Tonalide kuposa inzake. Choncho patatha zaka pafupifupi 150, zina mwa zimene Birmingham imataya zikuthera kumene bungwe la 1877 linkazithira, m'munda.

Malamulo oyang'anira matopewa ndi a 1989. Amayeza zitsulo monga kopa, zinki, mtovu, cadmium ndi mercury, popeza m'nthawi imeneyo nkhawa inali pa mafakitale, ndipo Birmingham inali mzinda wa osula zitsulo. Za makemikolo onunkhiritsa, mankhwala a kuchipatala, tizidutswa ta pulasitiki kapena makemikolo osaola a gulu la PFAS, malamulowa sanena kanthu. Mu Malichi 2020 Environment Agency inafalitsa ndondomeko yolonjeza kulowetsa matope m'dongosolo la zilolezo zokhwima, ndipo inadziikira malire a chaka cha 2023. Chakacho chitafika, tsikulo linafufutidwa m'ndondomekoyo. Gulu lina lomenyera chilengedwe, Fighting Dirty, linakasuma, koma khoti lalikulu linakana dandaulo lawo mu 2024. Pa malonjezo onse amene tikuwaunika pano, ili ndi limene kusakwaniritsidwa kwake kulibe chodzikhululukira chomveka, chifukwa palibe amene anakakamiza bungweli kutchula chakacho.

Tipatukeko pang'ono, popeza ambiri mwa owerenga athu mtima uli kumudzi ku Malawi. M'kafukufuku wa Simonich uja, njira imene inachita bwino kwambiri inali yosavuta kuposa zonse: madamu osazama momwe madzi amakhalitsa masiku ambiri padzuwa, amene anachotsa 97 mpaka 99.9 peresenti. Madamu oterewa ndi ofanana ndi a ku Kauma ku Lilongwe. Nthawi, dzuwa ndi malo, zimene Birmingham ilibe, Malawi ali nazo, bola madamuwo asamaliridwe ndi kukokoledwa pa nthawi yake. Komabe tisadzinamize. Nyumba zolumikizidwa ku suweji kwathu n'zochepa, madzi ochapira ambiri amatayidwa pabwalo kapena kulowa mumtsinje mwachindunji pamene amayi akuchapa pamwala, ndipo aliyense wodziwa mtsinje wa Mudi ku Blantyre akudziwa kuti kumeneko nkhani ikadali ya mu 1858. Dziko limene linataya anthu oposa 1,700 ndi kolera mu 2022 ndi 2023 lili ndi zoyambira zina. Phunziro limene tingatenge msanga ndi la matope: asanafalikire ngati manyowa m'madimba a ndiwo zamasamba, pakhale wodziwa zimene zili m'katimo.

Kodi makemikolowa ndi oopsa motani? Apa pafunika kudekha. Kuchuluka kwawo m'madzi otuluka kumawerengedwa m'mamaikulogalamu pa lita, ndipo maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu. Mu 2008 mayiko a ku Ulaya anaunika Galaxolide n'kugamula kuti sipafunika njira zina zoichepetsera. Mu 2014 bungwe loteteza chilengedwe la ku America linanena zofanana pa zamoyo za m'madzi. Koma mu Disembala 2019 bungwe lomwelo linaiika pa mndandanda wa makemikolo 20 oyenera kuunikidwanso mwachangu. Kumbali ina, mu 2005 Till Luckenbach ndi David Epel a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti makemikolo a musk amafooketsa njira imene maselo a nkhono za m'nyanja amatulutsira poizoni, ndipo kufookako kunkapitirira kwa tsiku limodzi kapena awiri maselowo atabwezeredwa m'madzi oyera. Tanthauzo lake n'lakuti kemikolo ikhoza kukhala yosapha payokha koma n'kutsegulira khomo inzake. Malamulo amayeza kemikolo imodziimodzi, pomwe nsomba ya mu Tame imakhala m'msakanizo wa mazanamazana, usana ndi usiku, makamaka m'nyengo youma pamene gawo lalikulu la madzi a mtsinjewu limakhala lochokera m'masuweji.

England ili ndi chifukwa chake chokhalira tcheru. Mu 1998 Susan Jobling ndi anzake a ku yunivesite ya Brunel anaonetsa kuti m'mitsinje yambiri ya dzikoli, kumunsi kwa malo oyeretsera madzi, nsomba zazimuna za mtundu wa roach zinali ndi mazira m'ziwalo zawo zoberekera. Choyambitsa chachikulu chinali mahomoni, achilengedwe ndi a m'mapiritsi olera, ochepa kwambiri kuposa makemikolo amene tikukambawa. Madziwo ankaoneka oyera. Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Kusiyana kwake kunaonekera bwino mu Ogasiti 2024, pamene cyanide inatayikira m'ngalande ya ku Walsall: nsomba zinayandama, njira za m'mbali mwa ngalande zinatsekedwa, akuluakulu anathamangira kumeneko, monga kunayenera. Chimene chimalowa pang'onopang'ono, kuchokera m'makina ochapira mamiliyoni, chilibe tsiku lake loti anthu athamangire.

Lonjezo lalikulu la m'badwo wathu linali la chaka cha 2000, pamene mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo United Kingdom, anagwirizana kuti mitsinje yonse ikhale pa mulingo wabwino pofika 2015. Malire anasunthidwa kupita 2021, kenako 2027. Zotsatira zimene zinatuluka mu Sepitembala 2020 zinaonetsa kuti mitsinje 14 yokha mwa 100 iliyonse ku England inali pa mulingo wabwino pa zamoyo zake, ndipo panalibe ngakhale umodzi umene unapambana pa mayeso a makemikolo. Kulepheraku kunabwera makamaka chifukwa cha mercury, makemikolo oletsa moto ndi PFOS ya gulu la PFAS lija, ndipo pa amenewa chaka choyembekezera chinakankhidwira ku 2063. Galaxolide ndi Tonalide sizili n'komwe pa mndandanda wa makemikolo ogamulira mayesowo. Chimene tingayamikire ndi chakuti kuyambira 2010 makampani a madzi ndi mabungwe a boma akhala akuyendetsa pologalamu yofufuza makemikolo m'madzi otuluka m'malo oyeretsera mazanamazana. Chifukwa cha ntchito imeneyo England ikudziwa zambiri za suweji yake kuposa mayiko ambiri. Kudziwako sikunasandukebe matanki.

Matanki ofunikawo ndi odziwika. Madzi akatha kuyeretsedwa mwa nthawi zonse, amawadutsitsa mumpweya wa ozoni umene umaphwanya makemikolo, kapena m'makala okonzedwa mwapadera amene amawagwira, kapena zonse ziwiri. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Ozoni imadya magetsi ndipo imasiya zidutswa za makemikolo zofunika kusefedwanso. Makala amafunika kuwotchedwa kapena kusinthidwa akadzaza. Switzerland ndi imene inayamba. Lamulo lake la 2016 linasankha malo oyeretsera pafupifupi 100 mwa 700 kuti awonjezere gawo limeneli n'kumachotsa 80 peresenti ya makemikolo osankhidwa, ndipo ndalama zake zimachokera ku msonkho wosapitirira mafaranka 9 pa munthu pachaka. Mayiko a European Union anatsatira ndi lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025: malo onse otumikira anthu 150,000 kapena kuposa akhale ndi gawoli pofika 2045, ndipo makampani opanga mankhwala a kuchipatala ndi zodzoladzola alipire osachepera 80 peresenti ya mtengo wake. Makampaniwo anathamangira kukhoti. Lamuloli nalo lili ndi mipata: makemikolo 12 oyezera kupambana kwake ndi a kuchipatala pafupifupi onse, mulibe wonunkhiritsa, ndipo opanga sopo wochapira zovala sanaikidwe pa gulu la olipira. Komabe likanakhudza England, Minworth, imene imaposa malire a 150,000 kakhumi ndi kupitirira, sikanalizemba. United Kingdom inatuluka mu European Union pa 31 Januwale 2020.

Pano ndi pamene funso la ndalama limalowera m'nyumba mwathu. Mu Disembala 2024 bungwe la Ofwat, loyang'anira makampani a madzi, linavomereza kuti makampani a madzi ku England ndi Wales agwiritse ntchito mapaundi 104 biliyoni pakati pa 2025 ndi 2030, ndipo mabilu a makasitomala a Severn Trent akwere ndi 47 peresenti m'zaka zisanuzo. Mbali yaikulu ya ndalama zotetezera mitsinje ikupita ku kuchepetsa suweji yosefukira ndi fosifolasi, zinthu zimene anthu akwiya nazo, ndipo n'zomveka. Banja la ku Handsworth kapena ku Wolverhampton limene likuvutika kale ndi lendi ndi magetsi silingauzidwe mopepuka kuti liwonjezere zina pofuna kuchotsa kafungo ka sopo. Maganizo athu ndi akuti njira imene European Union yatenga, ngakhale ili ndi mipata, ili ndi chilungamo chimene njira ya mabilu ilibe. Wopanga kemikolo akamalipira molingana ndi kuvuta kwa kuichotsa, amakhala ndi chifukwa chofunira ina yoola msanga, ndipo makemikolo a musk osavuta kuola alipo kale pamsika, kungoti ena ndi okwererapo mtengo. Wolipira bilu ya madzi alibe mphamvu imeneyo. Pa botolo amangoona liwu limodzi loti "parfum", limene lingabise makemikolo makumimakumi.

Izi sizikuchotsa udindo wa pakhomo. Ambiri a ife tinaleredwa kuti chovala choyera chizimveka fungo, ndipo amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kapena m'zipatala za ku West Midlands amachapa yunifolomu pafupifupi tsiku lililonse. Kuthira sopo wa muyezo wolembedwa papaketi, kudumphako mankhwala ofewetsera zovala, kusankha zosanunkhiritsa pamene zilipo, zonsezi zimachepetsa katundu wofika ku Minworth ndiponso zimapulumutsa ndalama. Koma tisasenzetse mayi wochapa mlandu umene uli wa opanga malamulo.

Zizindikiro za kusintha zilipo, zazing'ono. Severn Trent yayamba kugwiritsa ntchito ozoni m'malo ang'onoang'ono monga Frankton ku Warwickshire ndi Ludlow ku Shropshire, cholinga chachikulu chili kupha tizilombo kuti anthu azisambira m'mitsinje ya Leam ndi Teme, koma luso limene ikuphunzira kumeneko ndi lomwe lidzafunike pamalo aakulu. Ku yunivesite ya Birmingham, Pulofesa Luisa Orsini ndi gulu lake akhala akuyesa kugwiritsa ntchito tizilombo ta m'madzi totchedwa Daphnia kusefa makemikolo, ndipo mu 2023 anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti m'labotale tinachotsa 90 peresenti ya mankhwala opha ululu a diclofenac ndi theka la PFOS. Kuchoka m'labotale kufika pa madzi a anthu 1.7 miliyoni ndi ulendo wautali, ndipo tizilomboto tikadzaza makemikolo funso la kokatitaya limabweranso. Mu Julayi 2025 komiti imene inatsogozedwa ndi Sir Jon Cunliffe inapereka mfundo 88 zokonzera gawo la madzi. Zina mwa izo ndi kuthetsa Ofwat n'kukhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira, kuunikanso malamulo a suweji a 1994, kulingalira zoti opanga makemikolo azilipira, ndi kulowetsa matope m'dongosolo la zilolezo. Mfundo yomalizayi ndi yomwe ija inalonjezedwa mu 2020.

Amene atsatire nkhaniyi m'zaka zikubwerazi ayang'anitsitse zipata ziwiri za Minworth, cha madzi ndi cha malole onyamula matope. Pa chipata cha madzi zinthu zikhoza kuyenda, chifukwa madzi opita kukamwedwa kummwera adzafuna kuyeretsedwa kwapamwamba, ndipo pamenepo anthu a m'chigwa cha Tame adzakhala ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene madzi otsalira mumtsinje wawo sakulandira chisamaliro chomwecho. Chipata cha malole n'chovutirapo. Ozoni kapena makala oikidwa kumapeto sakhudza zimene zamatirira kale m'matope kumayambiriro. Switzerland inaletsa kuthira matope m'minda, chiletso chimene chinayamba mu 2003 n'kufika ponseponse zaka zingapo pambuyo pake, ndipo imawawotcha. England ilibe ng'anjo zokwanira kutero, ndipo kuwotcha kumataya nayitrojeni amene alimi akanagula ngati feteleza. Makonzedwe a panopa aima pa kuvomera kwa alimi ndi kwa masitolo akuluakulu ogula mbewu zawo, mgwirizano umene unamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 poganizira tizilombo toyambitsa matenda. Alimi kapena masitolowo atasintha maganizo boma lisanakonze malamulo ndi kumanga njira ina, matope a anthu a ku Birmingham adzasowa kolowera m'nyengo imodzi yokha ya ulimi, ndipo matanki a ku Minworth sangaimitsidwe kudikira kuti yankho lipezeke.